Wotchi Yomwe Injiniya Sanayang'ane

Kupolisi kwawo ankamutchula kuti Injiniya, ngakhale sukulu ya uinjiniya sanaipondeko n'kamodzi komwe. Dzinalo linabwera tsiku lina pulinta ya bwana itakana kutulutsa mapepala, anthu ataimenya mbama mpaka manja kuwawa. Iye anangoitsegula, n'kuchotsa kachidutswa ka pepala komwe kanakodwa mkati, basi. Kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi waya chinali chake. Foni ya wakuba, kompyuta ya wachinyengo, ngakhale ketulo ya m'chipinda chomwera tiyi, zonse zinkatera pa tebulo lake. Ndipo tisanamizane, dzinalo ankalikonda. Akamuitana choncho ankachedwa dala kuyankha kuti alimvenso kachiwiri.

Atamusankha kuti akachite maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi ofufuza umboni wa m'makompyuta, anzake a pa siteshoni anati zagwera mwini wake. Kumapeto kwa maphunzirowo kunali mayeso, ndipo wokhoza ankalandira satifiketi yomwe khoti lililonse limaipatsa ulemu. Mkazi wake anamusitira malaya asanu tsiku limodzi, n'kuuza aliyense wa mu mzere wa nyumba zawo kuti bambo a kunyumba kwake abwerera ku sukulu.

Ankaphunzirira m'chipinda chapamwamba cha nyumba ina ya boma, chopanda makatani, makompyuta khumi ndi awiri atandandalikidwa m'mbali mwa khoma. Mphunzitsi wawo anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula motsitsa koma mawu ake olasa. Tsiku loyamba lomwelo ophunzira anawapatsa dzina loti Mayi Musakhudze, chifukwa munthu akangotambasula dzanja kuti ayatse makina, iwo ankati, "Musakhudze! Mwalemba kale mmene mwaipezera?"

Lachitatu la sabata yachiwiri, phunziro linali la nthawi.

"Kompyuta siinama, madamu," anatero wapolisi wina wa kumbuyo, yemwe ankakonda kuyankha asanafunsidwe.

"Siinama, eya," anatero Mayi Musakhudze. "Koma imanena zomwe wotchi yake yaiuza. Makompyuta ambiri omwe mudzawagwire ndi akaunjika, ochokera kunja. Munthu amagula, amayatsa, amayamba ntchito, wotchi ikuwerengabe nthawi ya dziko la eni ake. Ndiye musanakalumbire m'khoti kuti fayilo inalembedwa nthawi yakuti, yang'anani kaye wotchi ya makinawo, muyerekeze ndi ya pa mkono panu, mulembe kusiyana kwake. Wosachita zimenezi si mboni ayi, ndi wolosera."

Anthu anaseka. Injiniya anasekanso, koma kuseka kwake kunathera panjira. Cholembera chinamupulumuka, ndipo powerama kuti achitole anakhalitsa pansi pa tebulo kuposa mmene zinafunikira.

Chaka ndi theka m'mbuyomo, apolisi anagwira anthu atatu omwe anafunsira ntchito ya unamwino ndi masatifiketi abodza. Mapepalawo anachokera pa kashopu kena kotayipa ndi kufotokopa pafupi ndi depoti ya mabasi. Pa shopupo pankagwira ntchito anthu awiri okha. Mwini shopu ankatsegula 7 koloko m'mawa n'kukhala yekha mpaka 1 koloko. Kenako pankabwera mayi wotayipa, yemwe ankakhala mpaka kutseka. Onse awiri anakanitsitsa kwa mtuwagalu. Kompyuta ya pa shopupo inatera pa tebulo la Injiniya, monga mwa nthawi zonse. Anaifufuza, anapeza mafayilo a masatifiketi aja, ndipo pambali pake panalembedwa nthawi: 2 koloko masana, mphindi khumi zitadutsa.

Anakanena zimenezo m'khoti atavala yunifolomu yowongoka bwino, chifuwa chili patsogolo. Loya wa mayi wotayipa, munthu wooneka wotopa yemwe anali ndi milandu ina isanu ndi iwiri tsiku lomwelo, sanafunse za wotchi chifukwa nayenso sankazidziwa. Woweruza anathokoza Injiniya chifukwa cha umboni wa ukatswiri. Mwini shopu anapita kwawo. Mayi wotayipa anapatsidwa zaka zinayi. Pomutulutsa sanalire kapena kutukwana. Anangotembenukira kwa Injiniya n'kunena kuti, "Bwana, mukayang'anenso bwino."

Injiniya sanayang'anenso. Akanayang'ana chiyani, poti makina anali atalankhula kale?

Lachisanu la sabata yachiwiri ija kunalibe kalasi, ndiye anapita ku chipinda chosungira katundu wa umboni, kuseri kwa siteshoni. Woyang'anira chipindacho anali wapolisi wachikulire yemwe aliyense ankangomuti Mdala wa Makiyi.

"Iii, Injiniya! Lero mwatikumbukira ife a ku fumbi? Tinkati mwakula, mukuyenda ndi a sukulu okhaokha."

"Ndikufuna kompyuta ya mlandu uja wa masatifiketi, mdala. Ikadalipo?"

"Ipita kuti? Mwini wake sanabwere kudzaitenga. Sayinani apa, tsiku ndi nthawi. Kuno ngakhale mphemvu zimasayina."

Anaipeza pa shelefu yapansi, pakati pa njinga yopanda matayala ndi thumba la maloko odulidwa. Anaipukuta, anaiika pa benchi, ndipo nthawi ino anachita monga anaphunzitsidwira. Anachotsa kaye diski yosunga mafayilo kuti asasokoneze kanthu, kenako anayatsa n'kulowa pomwe makinawo amasonyeza wotchi yake. Mumtima ankapemphera ngati mwana yemwe waswa mbale, kuti mwina, mwina sizinasweke kwenikweni.

Wotchi ya pa mkono pake inkati 10 koloko m'mawa. Ya kompyuta inkati 4 koloko madzulo.

Anawerenga ndi zala, ngati kuti zala zingamuchitire chifundo. Maola sikisi. Ukachotsa sikisi pa 2 koloko masana utsala ndi 8 koloko m'mawa, nthawi yomwe mwini shopu ankakhala yekhayekha, mayi wotayipa asanatuluke n'komwe m'nyumba mwake. Thukuta linamutsika kumsana. Anakhala pansi pa kabokosi komwe sankadziwa kuti muli chiyani.

"Mwaona mzukwa, Injiniya?" anafunsa Mdala wa Makiyi ali pa khomo.

"Ndi fumbili, mdala."

"Fumbi la kuno silitulutsa thukuta. Koma chabwino, sayinani kuti mwabweza."

Masana omwewo analemba lipoti. Linali lalifupi, theka la pepala, ndipo linanena zoona zokhazokha. Atangotsala pang'ono kukagogoda kwa bwana, anakumbukira kabuku ka malamulo a maphunziro aja. Anakatulutsa m'chikwama, n'kutsegula tsamba lachitatu. Panalembedwa kuti aliyense yemwe akufufuzidwa chifukwa cha umboni womwe anaperekapo m'khoti saloledwa kulemba mayeso mpaka nkhaniyo itatha. Ndipo ndani sadziwa mmene kufufuza kotereku kumayendera? Mafayilo amagona pa matebulo mpaka eni ake kupuma pa ntchito.

Anapinda lipotilo pakati, n'kuliika mu dirowa, pansi pa zingwe zakale za mafoni. Anati Lolemba.

Lolemba linabwera, linapita. Abale, munthu akafuna kudzinamiza sasowa mfundo, ndipo mfundo za Injiniya zinali zovala jekete ndi tayi. Ankati: ndikanena panopa, ndine wapolisi wamba yemwe wasintha mawu, ndani andimvere? Koma ndikakhala ndi satifiketi, woweruza sangachitire mwina. Ankati: ndikudikira kuti ndimuthandize bwino mayiyu. Penapake zinali zoona, ndipo n'chimene chinkazichititsa kukhala zoipa kwambiri. Pansi pa mtima ankadziwa kuti akufuna pepala lija, lokhala ndi chidindo chagolide, kuti dzina loti Injiniya lisiye kukhala nthabwala ya pulinta.

M'kalasi anasanduka katswiri. Palibe yemwe ankasamala kuposa iye. Ankajambula zithunzi asanakhudze, ankalemba chilichonse, wotchi ankaiyang'ana kawiri. Tsiku lina Mayi Musakhudze anaima kumbuyo kwake, n'kukweza kabuku kake m'mwamba kuti onse aone.

"Onani ntchito iyi. Mwana wanga atamangidwa, ndingapemphe kuti kompyuta yake aigwire ndi bambo awa."

Anzake anaomba m'manja, wina anamumenya pa phewa. Iye anapempha kuti atuluke kaye, n'kukaima m'bafa atatsegula mpopi, osasamba kanthu. Manyazi anamugwira, manyazi enieni otentha m'makutu.

Kunyumba chakudya chinayamba kubwerera m'mbale. Lamba anamuboolanso kabowo kena. Mkazi wake anaona zonsezi koma anasunga pakamwa mpaka Lamulungu lina masana, ana atapita kwa azakhali awo. Iye ankasita pa tebulo la pabalaza, mwamuna wake atakhala pa mpando ndi buku lomwe tsamba lake silinatembenuzidwe kwa theka la ola.

"Bambo, ndifunse. Kusukulu kwanuko kuli wina?"

"Wina ndani?"

"Musandiyese mwana. Kudya simukudya, kuseka simukuseka, ndikakulankhulani mumayankha khoma. Ngati kuli kamtsikana kovala magalasi, ndiuzeni ndikakaone, mwina kakundiposa kusita."

Injiniya anafuna kuseka koma sizinatheke. Anatseka bukulo n'kumuuza zonse: shopu, wotchi, maola sikisi, lipoti la mu dirowa. Ankalankhula akuyang'ana pansi. Atamaliza, mkaziyo anayendetsa simbi pang'onopang'ono pa malaya onyowa.

"Ali ndi ana mayiyo?" anafunsa mkazi wake.

"Sindikudziwa."

"Simunafunse?"

"Sinali mbali ya ntchito yanga."

"Mhm." Anatembenuza malaya aja. "Ndiye mawa mukapereka pepalalo."

"Mayi, mvetsani. Mayeso atsala miyezi itatu yokha. Ndikanena panopa, zonse zathera pompo. Koma ndikakhala ndi satifiketi..."

"Miyezi itatu yokha," anabwereza mkaziyo. "Inu mukagona ku ntchito tsiku limodzi, ana amandifunsa kasanu kuti adadi abwera liti." Anazimitsa simbi n'kuiimika. "Sindikukanizani, bambo. Yankho munalikonza kale musanandiuze. Mumangofuna woti akuthandizeni kunyamula."

Sanakambenso za nkhaniyi. Malaya anapitiriza kusitidwa, chakudya chinapitiriza kuikidwa pa tebulo. Koma anansi akafunsa kuti sukulu ya abambo ikuyenda bwanji, mkaziyo ankangoti ikuyenda, n'kulowa m'nyumba.

Mayeso anabwera. Aliyense anapatsidwa kompyuta ya mlandu wopeka ndi maola anayi. Mayi Musakhudze, mwa ukathyali wawo, anali atabweza wotchi ya makina aliwonse ndi maola atatu. Theka la kalasi linagwa m'dzenje limenelo, kuphatikizapo uja woyankha asanafunsidwe. Injiniya anautulukira msamphawo mphindi khumi zisanathe. Anakhoza kuposa onse. Tsiku lolandira masatifiketi anaima kutsogolo, anagwirana chanza ndi akuluakulu, wojambula anati amwetulire ndipo anamwetulira. Pepalalo linali lolemera bwino m'manja, chidindo chake chonyezimira monga ankaganizira. Chimwemwe ndiye sanachimve n'komwe.

M'mawa mwake anatsegula dirowa ija. Lipotilo linali litachita makwinya, tsiku la miyezi isanu ndi theka yapitayo lili pamwamba penipeni. Analiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anakhala pa kompyuta n'kulitayipanso, mawu omwewo, koma tsiku la lero, ndi chiganizo chimodzi chatsopano: kuti atamaliza maphunziro ake anaganiza zounikanso mlanduwo, ndipo ndi pamene anapeza vutoli. Lakale lija analing'amba tizidutswa ting'onoting'ono.

Bwana anawerenga ataimirira, nkhope ikusintha mzere uliwonse.

"Iwe, ukudziwa kuti ukutivula pagulu?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Dzulo lomweli timakuombera m'manja." Anapukusa mutu, anasisita chipumi, kenako anapumira m'mwamba. "Komabe wachita chamuna. Ambiri akanangokhala chete. Poti wazipeza wekha utangophunzira, palibe angakudzudzule kwambiri. Ndilitumiza."

Mawu oti chamuna aja anamulasa kuposa kukalipa konse kuja.

Loya wa boma yemwe anapatsidwa nkhaniyo anati pakufunika kuti mayi wotayipa awerenge lipotilo n'kusayina pempho loti khoti liunikenso mlandu wake. Injiniya anadzipereka kukapereka mapepalawo yekha. Loyayo anadabwa, koma anali ndi ntchito zambiri, ndiye anangomupatsa envulopu.

Chipinda chochezera kundende ya amayi chinali ndi matebulo anayi a simenti ndi zenera limodzi lapamwamba. Kunali m'mawa, kukutentha kale. Msilikali wa ndende, mayi wonenepa wa makiyi m'chiuno, anabwera ndi mayi wotayipa uja. Injiniya sakanamuzindikira pa msewu. Anali ataonda, tsitsi lometa, zala zake zija zotayipa zitachita mikwingwirima ya ntchito ya kumunda. Koma iye anamuzindikira Injiniya nthawi yomweyo.

"Ndinu bwana a kompyuta."

"Ndine, mayi."

Anamufotokozera. Anali atakonzekera mawu ambiri m'basi, koma anatuluka ochepa ndiponso osalongosoka. Wotchi inali patsogolo ndi maola sikisi. Masatifiketi analembedwa m'mawa. Cholakwa chinali chake, iye Injiniya, osati cha wina aliyense. Akupepesa. Anakankhira mapepala aja kwa mayiyo.

Mayi wotayipa anawerenga mwakachetechete, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, monga amawerengera anthu omwe moyo wawo wonse akhala akusaka zolakwika m'makalata a ena. Sanasangalale, sanalire. Atafika kumapeto anabwerera pamwamba.

"Apa mwalemba kuti mwazipeza mutamaliza sukulu."

"Eya."

"Sabata yatha," anatero mayiyo.

Injiniya anavomera ndi mutu.

"Bwana, ine ndatayipa makalata a anthu zaka khumi ndi ziwiri. Munthu akamanena zoona amalemba tsiku. Akamazemba amalemba kuti nditamaliza, nditaganiza, patapita nthawi." Anakweza maso. "Munadziwa liti?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka, losayinidwa kale ndi bwana. Mayiyu analibe njira yolitsutsira. Koma Injiniya anamva mawu ake omwe akutchula tsiku lenileni, Lachisanu lija la sabata yachiwiri.

Mayiyo anawerenga ndi zala pa tebulo. Chimodzi, ziwiri, mpaka zisanu, n'kuyamba dzanja lina.

"Munkadikira chiyani?"

"Mayeso. Ndikananena, sakanandilola kulemba."

"Mwakhoza?"

"Ndakhoza."

"Zikomo, mwachita bwino." Analankhula mopanda chipongwe, ndipo Injiniya analakalaka akanamutukwana. Mayiyo anayang'ana ku zenera kuja. "Amayi anga amwalira miyezi iwiri yapitayi. Ndi omwe ankasunga ana anga. Sindikunena kuti mukananena msanga ndikanatuluka n'kukawaika m'manda, za makhoti ndazidziwa tsopano, zimayenda ngati nkhono. Koma akanamva. Ankabwera kuno mwezi uliwonse, ankakhala pomwe mwakhalapo. Ulendo uliwonse ndinkawauza kuti amayi, sindinachite. Iwo ankati, mwana wanga, ingolapa, Mulungu amakhululuka. Ankati wapolisi uja ndi wophunzira, anaona m'makina, angakunamizire chifukwa chiyani? Apita akundipempherera kuti ndisiye bodza."

Injiniya misozi inamulengeza, ndipo anachita nayo manyazi, chifukwa m'chipindamo woyenera kulira sanali iye.

Mayi wotayipa anatembenuza lipoti lija n'kulikankhira kwa Injiniya. Pansi pa siginecha yake panali mpata wa mizere itatu.

"Lembani apa zimene mwandiuzazi. Tsiku, ndi chifukwa chake."

"Mayi, ndikalemba zimenezo andilanda satifiketi. Mwinanso ntchito. Pempho lanu liyenda bwinobwino popanda..."

"Ndikudziwa kuti liyenda. Lembani, ndiye ndisayine."

Msilikali wa ndende anasuntha mwendo, makiyi ake analira. Pa tebulo la pambali mayi wina ankaseka ndi mlendo wake. Injiniya anatulutsa cholembera m'thumba la malaya. Nambala yoyamba inaoneka ngati yolemba mwana wa sitandade wani. Analemba tsikulo. Analemba kuti kaundula wa chipinda cha katundu wa umboni angatsimikize. Analemba kuti anabisa zimenezi miyezi isanu ndi theka kuti alembe mayeso. Mizere itatu ija inakwanira ndendende, ndipo anasayinanso pansi pake.

Mayiyo anawerenga, chala chili pansi pa mawu. Kenako anatenga cholembera chija m'dzanja lake, anasayina pempho lake, anachibweza pa tebulo n'kuimirira.

"Tiyeni, mayi, ndamaliza," anauza msilikali uja.

Injiniya anatsala atakhala, mapepala ali patsogolo pake. Patapita kanthawi msilikaliyo anabweranso n'kumugwira pa phewa.

"Bambo, tapatsaniko malo. Panja pali ena akudikira kuona abale awo."